Tayala lozungulira bwino limakonzedwera pati? Kuyerekeza njira za m'fakitale

Chiwongolero cha galimoto yanga chinkayamba kunjenjemera singano ya liwiro ikafika pa 100. Pa 80 panalibe kanthu. Ndikangodutsa pa Nathenje kulowera ku Dedza, manja ankachita ngati ndatsamira pa chigayo cha dizilo. Ndinapita kukachititsa balansi katatu. Ulendo uliwonse mnyamata wa pamakina ankakhomera tizitsulo tatsopano pa limu, makina n'kuonetsa ziro mbali zonse, ine n'kulipira, koma pamsewu nyimbo inali yomweyo. Ulendo wachinayi bambo wina wachikulire, amene manja ake ankaonetsa kuti wakalambira pa matayala, anazunguza gudumu pang'onopang'ono atagwiritsa chikhatho pamwamba pake, kenaka anati, "Achimwene, kulemera kwa tayala ili kuli bwinobwino. Koma mbali ina n'louma kuposa inzake. Zimenezi linabadwa nazo."

Ankanena zoona. Tayala silithiridwa m'chikombole kamodzi ngati ndowa ya pulasitiki. Limamangidwa ndi zidutswa: labala wamkati wosunga mpweya, nsalu ya ulusi wa poliyesitala, malamba awiri a mawaya achitsulo, mikombero iwiri ya waya yogwira limu, labala wa m'mbali, ndi labala wokhuthala woponda pamsewu. Chidutswa chilichonse chimakulungidwa pa dilamu yozungulira, ndipo pamene nsonga zake ziwiri zakumana pamakhala msoko. Pamsoko pamakhuthala, pamalemera, pamaumanso. Lamba akapendekekera mbali imodzi, ulusi ukakokedwa kwambiri apa n'kulekerera apo, tayala limatuluka lokongola m'maso koma losalingana m'kati.

Kusalingana kumeneku n'kochepa kwambiri, koma msewu umakukulitsa. Tayala la galimoto yaing'ono limafuna mphamvu yonga ya makilogalamu pafupifupi 20 kuti liphwatalale milimita imodzi yokha. Ndiye ngati mbali ina yatukuka ndi theka la milimita, imakankha galimoto m'mwamba ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 10 nthawi iliyonse ikaponda pansi. Tayala la 195/65R15 limayenda mamita pafupifupi 2 likazungulira kamodzi, choncho pa liwiro la makilomita 100 pa ola limazungulira maulendo 14 pa sekondi. Nkhonya 14 pa sekondi, ndiko kunjenjemera kuja. Tizitsulo ta balansi timakonza kulemera kokha, sitingafewetse mbali youma.

Kuyeza kumayamba, zina zonse pambuyo

Palibe njira yochepetsera kusalinganaku m'fakitale imene ingayerekezedwe ndi inzake popanda muyezo, choncho tiyambe ndi makina amene amaima kumapeto kwa fakitale. Tayala limapanikizidwa pakati pa malimu awiri, limapopedwa, kenaka limakanikizidwa pa gudumu lalikulu lachitsulo la mamilimita 854 m'mimba mwake, monga umanenera muyezo wa J332 wa bungwe la mainjiniya a magalimoto la SAE. Limazunguliridwa maulendo 60 pa mphindi, kutsogolo kenaka kumbuyo, pamene zoyezera zikulemba mmene mphamvu ikukwerera ndi kutsika. Makampani monga Micro-Poise wa ku America, Kobe Steel ndi Kokusai a ku Japan ndi ena mwa opanga makina otere.

Zimene zimatuluka pamenepo n'zingapo. Chachikulu ndi kusinthasintha kwa mphamvu yokankhira m'mwamba, chimene akatswiri amachitcha radial force variation. Palinso kusinthasintha kwa mphamvu yokankhira m'mbali, komwe kumapepesula galimoto uku ndi uku. Ndiye pali conicity, pamene tayala limagubuduka ngati kapu yogonekedwa, yaikulu kukamwa yaing'ono kutsinde, n'kumakokera galimoto mbali imodzi. Kawirikawiri gwero lake ndi malamba achitsulo amene sanakhale pakati penipeni. Kuzunguza mbali zonse ziwiri kuja n'kofuna kulekanitsa conicity ndi mnzake ply steer, amene amachokera ku kapendekedwe ka mawaya a m'malamba ndipo amasintha mbali tayala likazungulira chobwerera.

Pali kusankha ngakhale pa kuyezako. Makina a liwiro lochepawa ndi achangu, amatha kuyeza tayala lililonse lopita kwa opanga magalimoto. Koma pali mphamvu ina, yokankha kutsogolo ndi kumbuyo, imene pa liwiro lochepa imakhala ngati kulibe, n'kudzakula galimoto ikathamanga. Imeneyo imagwidwa ndi makina a liwiro lalikulu, amene ndi odula ndi ochedwa, moti amayezera matayala owerengeka otengedwa apa ndi apo. Fakitale yanzeru imakhala ndi onse awiri, achiwiriwo n'kumatsimikizira kuti oyambawo sakunama.

Kukonzera ku zipangizo

Njira yoyamba ndi yosaoneka kwambiri, ndipo ndi imene ine ndimaiika patsogolo. Labala amasakanizidwa m'makina a mtundu wa Banbury pamodzi ndi mwaye wa kaboni, mafuta, sulufule ndi zina. Mphira wachilengedwe, wonga amene amakololedwa ku Vizara m'boma la Nkhata Bay, salingana kulimba kwake ulendo uliwonse, chifukwa ndi utomoni wa mtengo. Mtanda wa lero ukakhala wofewa kuposa wa dzulo, mzere wa labala wotuluka m'makina ofinyira umafufuma mosiyana, ndipo ukadulidwa umabwerera m'mbuyo mosiyananso. Chidutswa chodulidwa chachifupi wochimanga amachikoka kuti nsonga zikumane, pamenepo n'kupyapyala. Chikatalika amachiunjika, pamenepo n'kukhuthala.

Kuchiza kwake ndi ntchito yotopetsa ya tsiku ndi tsiku: kuyeza makulidwe a mzerewo ndi kuwala kwa laser ukamatuluka, kuupima kulemera pa mita iliyonse, kuuziziritsa mokwanira usanadulidwe, kuukulunga pa mawilo osaukoka, kugwiritsa ntchito zidutswa zakale zisanaume. Ndalama zogulira zida si zochuluka poyerekeza ndi njira zina, koma imafuna mwambo wa anthu pa mashifiti onse, usiku ndi usana. Ubwino wake ngwakuti imachepetsa mavuto onse pamodzi, kulemera, kuuma ndi kupendekeka. Kuipa kwake ngwakuti zipatso zimachedwa, ndipo bwana wofuna kuonetsa zotsatira mwezi uno sadzaikonda.

M'gulu lomweli muli nzeru ina yotsika mtengo: kumwaza misoko. Tayala lili ndi misoko ingapo, ndipo yonse ikagwera malo amodzi imathandizana kupanga chotupa. Ikaikidwa motalikirana mozungulira tayala, umodzi umafafaniza unzake. Telala wodziwa ntchito amachita zomwezo posoka thalauza lokhuthala, saunjika misoko inayi pamalo amodzi.

Kusintha makina omangira

Njira yachiwiri ndi yogula makina abwino. Kale tayala linkamangidwa pa makina awiri, thupi lake apa, malamba ndi labala woponda apo, n'kumanyamulidwa pakati. Kunyamula kulikonse ndi mpata woti lipendekeke. Makina amakono, monga a kampani ya VMI ya ku Epe m'dziko la Netherlands, amamaliza zonse pamalo amodzi, makamera akuyang'ana ngati chidutswa chakhala pakati ndiponso ngati msoko watsekeka bwino.

Ena anapita patali n'kufuna kuthetseratu misoko. M'malo mokulunga chidutswa chotambalala kamodzi, amazunguliza kachingwe kopyapyala maulendo ambirimbiri, monga mmene amayi amazungulizira ulusi pa mpira wolukira. Lamba wa nayiloni wophimba malamba achitsulo masiku ano amaikidwa motero m'matayala ambiri othamanga. Michelin ndi njira yake ya C3M ya m'zaka za m'ma 1990, Pirelli ndi MIRS, komanso Sumitomo Rubber ndi NEO-T01 ya mu 2012 anafika pomangira tayala pa chitsulo cholimba chooneka ngati m'kati mwa tayala lomalizidwa, kuti lisamatupitsidwe ndi mpweya lili lofewa. Bridgestone mu 2016 inayambitsa makina otchedwa EXAMATION pa fakitale yake ya ku Hikone ku Japan. Malinga ndi kampaniyo, makinawo amayeza zinthu 480 pa tayala lililonse n'kumadzikonza okha, ndipo kulingana kwa matayala kunakwera ndi maperesenti opitirira 15 poyerekeza ndi kamangidwe kakale.

Nambala ya 15 imeneyo muiyang'anitsitse. Ndi phindu lenileni, koma ikuonetsanso kuti ngakhale makina a ndalama zankhaninkhani sathetsa vuto lonse. Njirayi imagwira bwino kwambiri pa conicity, chifukwa kuika lamba pakati ndi ntchito imene makina amaposa dzanja la munthu. Imayenera fakitale yomangidwa kumene kapena yopanga matayala odula. Kwa fakitale yakale yopanga matayala wamba, kusula madilamu opindika ndi kusintha mabelingi akutha kumabweza gawo lalikulu la phindulo pa mtengo wochepa. Ndipo makina abwino bwanji, akapatsidwa zidutswa zosalingana, amangomanga tayala losalingana mwaluso.

Pa chikombole, pamene pali nzeru yaulere

Apa ndiye pamene ndimachita chidwi kwambiri. Tayala likachoka pomangira limakhala laliwisi, lofewa, lopanda mizere. Limalowetsedwa m'chikombole chotentha madigiri pakati pa 150 ndi 180, chibaluni cha labala n'kulikankhira kumakoma kuchokera m'kati, ndipo la galimoto yaing'ono limapsa pa mphindi 10 mpaka 15. Woumba njerwa aliyense amadziwa kuti chikombole chili ndi khalidwe lake: chikakhala chokhota pangodya, njerwa zonse zimatuluka ndi ngodya yomweyo. Chikombole cha matayala n'chimodzimodzi. Chili ndi mbali yake imene nthawi zonse imatukula tayala pang'ono.

Tsono tayala laliwisi nalonso limabwera ndi mbali yake yotukuka, yochokera ku dilamu imene linamangidwira. Tiyerekeze kuti chilema cha dilamu chimapereka makilogalamu 6 ndipo cha chikombole chimapereka 4. Wolowetsa tayala mwachisawawa tsiku lina adzazigundanitsa n'kupeza 10, tsiku lina adzaziika moyang'anana n'kupeza 2. Tayala lomwelo, chikombole chomwecho, labala yemweyo, kusiyana kuli pa mmene analitembenuzira polowetsa basi. Fakitale ikadziwa mbali yotukuka ya dilamu iliyonse ndi ya chikombole chilichonse, imauza makina olowetsera kuti azitembenuza tayala kufika pa ngodya yoyenera. Kachizindikiro ka barcode komatidwa pa mkombero wa tayala ndiko kamathandiza, chifukwa kamasunga mbiri ya kumene linamangidwa ndi kumene linapsa, komanso kamakhala poyambira kuwerenga ngodyayo.

Njirayi sichotsa labala, sionjezera chidutswa, sichedwetsa ntchito. Mtengo wake uli pa kusonkhanitsa manambala ndi munthu wodziwa kuwawerenga. Malire ake ndi awa: imagwira chilema chobwerezabwereza chokha, ndiponso makamaka chija chomenya kamodzi pa kuzungulira kulikonse. Chilema chongogwa mwangozi, monga msoko umene wina anaupanikiza molakwika usiku wina, sichingafafanizidwe motere. Ndipo dilamu ikakonzedwa kapena chikombole chikatsukidwa n'kumangidwanso, manambala akale amafa, ayenera kuyezedwa mwatsopano. Fakitale zolekerera zimagwa pamenepa, zimapitiriza kutembenuza matayala potsata ngodya ya chaka chatha.

Mtundu wa chikombole nawonso uli ndi mbali. Cha zibanthu ziwiri, chapamwamba ndi chapansi, n'chotsika mtengo koma chimakhula tayala potseka ndi potsegula. Cha zidutswa 8 kapena 9 zotsekera kuchokera m'mbali chimasamala malamba achitsulo, n'chifukwa chake matayala ambiri a radial, aja okhala ndi malamba oterewa, amapsa m'chotere, ngakhale kuti chidutswa chimodzi chikatsalira pang'ono chimasiya chizindikiro chake m'muyezo. Ndipo tayala likatuluka lili lamoto, ulusi wa nayiloni ndi poliyesitala umakhwinyata pozizira. Kulipopa mpweya nthawi yomweyo kuti lizizire lili lotambasuka kumateteza maonekedwe ake. Ndi sitepe imene imadya malo ndi nthawi, koma kuidumpha pa matayala oifuna n'kutaya zonse zimene zinasamalidwa m'mbuyo.

Kupala

Tayala lapsa, layezedwa, lalephera pang'ono. Njira yakale ndi kulipala. Pa makina oyezera omwewo pamakhala miyala yonolera imene imayandikira mapewa a tayala pamalo pamene mphamvu yakwera, n'kuchotsa labala wochepa kwambiri. Muyezo umatsika nthawi yomweyo, tayala lomwe likanatsitsidwa giredi n'kudutsa.

Ndikumvetsa chifukwa chake mafakitale amaikonda: imapulumutsa katundu amene wadya kale ndalama zonse. Koma sindiikhulupirira kwambiri. Ngati vuto linali ulusi wokokeka m'kati, kupala kunja kwangobisa, kuumako kukadali pomwepo. Labala wochotsedwayo ndi amene wogula analipira kuti ayendepo. Pamalo popalidwa pamaoneka, ndipo ena opanga magalimoto safuna matayala opalidwa. Choopsa kwambiri n'chakuti fakitale yozolowera kupala imasiya kufunsa chifukwa chake matayala akulephera. Mwala wonolera uyenera kukhala wa tayala limodzilimodzi lophonya pang'ono. Ukayamba kulira tsiku lonse, vuto lili kumtunda.

Pali njira zina zokonzera tayala lopsa kale osakhudza poponda. Michelin m'zaka za m'ma 1990 inalembetsa luso lopopa tayala mwamphamvu litagwiridwa mbali zina, kuti ulusi wa pamalo ofupika utambasuke mpaka kalekale. Pambuyo pake inalembetsanso luso losenga labala pang'ono pa mkombero ndi laser, kuti tayala likhale pa limu mosiyana pang'ono. Zimenezi n'zaudongo kuposa kupala chifukwa zimayandikira gwero ndipo sizidya labala woponda, koma zimafuna makina apadera ndi nthawi pa tayala lililonse.

Kusankhula ndi kadontho kofiira

Njira yomaliza sikonza tayala n'komwe. Imangolisankhula, monga posankha fodya pa magiredi. Olingana kwambiri amapita kwa opanga magalimoto atsopano, amene malire awo ndi okhwima. Otsatira amapita kumsika wa matayala osinthira, nawonso ali ndi malire awo. Olephereratu amadulidwa kuti asagulitsidwe. Kusankhula kumateteza wogula koma sikuchepetsa zotayika ngakhale pang'ono, choncho pakokha ndi njira yodula kuposa zonse.

Chimene chimafika kwa ife ndi timadontho. Matayala atsopano ambiri, kaya achokera ku Ladysmith, Brits kapena Gqeberha ku South Africa, kaya ku China kapena ku Japan, amakhala ndi kadontho kachikasu, kofiira, kapena tonse tiwiri m'mbali. Kachikasu kamasonyeza mbali yopepuka, ndipo kamayang'anizidwa ndi valavu. Kofiira kamasonyeza pamene mphamvu yokankha m'mwamba yafika pachimake. Limu nayo si yozungulira ndendende, ili ndi mbali yotsika, ndipo malimu ena amakhala ndi kachizindikiro pamenepo. Kuika kadontho kofiira pa mbali yotsika ya limu ndi masamu omwe aja a pa chikombole, chilema china kufafaniza chinzake. Limu ikakhala ndi chizindikirocho, kofiira ndiko kamatsatidwa, kachikasu n'kusiyidwa. Mafakitale ambiri a magalimoto amachita zimenezi ndi makina.

Ndikaziika pamodzi, fakitale ya ndalama zochepa ndingaiuze kuti iyambe ndi kulondola mbiri ya tayala lililonse ndi kulitembenuza polowa m'chikombole, chifukwa phindu limabwera msanga, ndipo manambala omwewo amaloza dilamu kapena chikombole chodwala. Kenaka ilimbikire pa zipangizo, ngakhale zichedwe. Makina atsopano adikire mpaka ziwirizo zitakhazikika. Kupala kuwerengedwe tsiku ndi tsiku, ndipo nambala yake izitsika.

Kwa amene muli pamsewu, pali makina a balansi okhala ndi chogudubuza chokanikiza tayala, monga a Road Force a kampani ya Hunter ya ku America, amene amayeza kuumako n'kunena pamene tayala liyenera kutembenuzidwira pa limu. Kumene kulibe makina otere, manja amathandizabe. Galimoto ikamakokera mbali imodzi, sinthanitsani matayala akutsogolo, lakumanja lipite kumanzere: kukokako kukasintha mbali, vuto ndi tayala, osati alayimenti. Galimoto imene yaima masiku angapo iyendetseni kaye makilomita angapo musanaweruze, chifukwa nayiloni amaphwatalala poima n'kubwerera akatentha. Matayala akaunjika ndi nkhani ina: madontho anafufutika kale, ndipo kuunjikidwa m'kontena kumatha kuwapinda.

Bambo aja anachotsa mpweya, anamasula tayala pa limu, analemba ndi choko pamene panali valavu, n'kulitembenuza theka lathunthu. Anapaka sopo pa mkombero kuti likhale bwino, analipopa, n'kuchitanso balansi. Tizitsulo tinachepa kuposa poyamba. Pobwerera ku Lilongwe chiwongolero chinali phee mpaka pa 100, kupitirira pamenepo n'kumamveka pang'ono chabe. Tayalalo tinalisamutsira kumbuyo, ndipo linayenda komweko mpaka mizere yake itatha.